Dzira la bakha laboola koma kamwana sikakutuluka: ndikathandize liti, nanga motani?

Funso: Ndine mayi wa ku Salima, ndipo aka n'koyamba kuswetsa mazira a abakha m'makina amagetsi. Ndinaika mazira 24. Ena ndinagula kwa mnzanga woweta abakha oyera a Pekin, ena ndi a abakha athu akumudzi ofiira kumaso aja. Lero ndi tsiku la 28. Mazira asanu aboola kuyambira dzulo m'mawa koma palibe kamwana kamene katuluka, ndipo ena onse ali zii. Nditamva kamodzi kakulira ndinakamvera chisoni n'kusenda chigoba, koma kanatuluka magazi ndipo kanafa pasanathe ola. Magetsi anazimanso kawiri sabata yathayi. Kodi otsalawa ndiwathandize kapena ndiwasiye?

Yankho: Mayi, pepani chifukwa cha kamwana kamene kakuferani m'manja. Aliyense amene waswetsa mazira a abakha kwa zaka zingapo anadutsamo m'zimenezi, ndipo inenso ndinapha tiana tingapo ndi chifundo chomwecho ndisanaphunzire kupinda manja. Zimene mukufunika kumva lero lomwe ndi ziwiri: mazira anayi amene aboola aja musawasende usiku uno, ndipo amene ali zii musawataye. Pa zimene mwafotokoza sindikuonapo chizindikiro chakuti tiana tanu takanika kutuluka. Ndikuona tiana timene tikadali m'nthawi yake, komanso mazira a mitundu iwiri amene aikidwa m'makina amodzi ngakhale kuti saswa tsiku limodzi.

Abakha a Pekin, monganso a Khaki Campbell ndi mitundu ina yochokera ku bakha wakutchire wotchedwa mallard, amaswa pa masiku 28. Abakha athu akumudzi, okhala ndi tinjerewere tofiira kumaso, amene amuna ake salira mokweza ngati abakha ena, ndi a mtundu wina ndithu wotchedwa Muscovy, umene kwawo kwenikweni ndi ku Central America ndi South America, ndipo mazira ake amafuna masiku 35. Mitundu iwiriyi ikakwerana, mazira ake amaswa pakati pa nthawi ziwirizi, cha m'ma masiku 32, ndipo ana ake sabereka. Choncho mazira a abakha anu akumudzi akadali ndi sabata yathunthu, ndipo kukhala zii kwawo pa tsiku la 28 si imfa ayi. Vuto lake ndi lakuti zofuna za magulu awiriwa tsopano zikusemphana: a Pekin anayenera kusiya kutembenuzidwa pa tsiku la 25 ndipo akufuna chinyezi chambiri, pamene a Muscovy amayenera kutembenuzidwabe mpaka tsiku la 31 kapena 32 ndipo akufunika kupitiriza kutaya madzi. Masiku atatu kapena anayi osatembenuza kumapeto kotereku sawapha, chotero apirireni kaye mpaka a Pekin athe. Akatha, chotsani zigoba ndi zonyansa zonse, pukutani m'makina, chepetsani madzi, ndipo muyambirenso kutembenuza ndi manja katatu kapena kasanu pa tsiku kufikira tsiku la 31.

Kuti mumvetse chimene chinapha kamwana kaja, muyenera kudziwa zimene zimachitika m'dzira masiku atatu omaliza, chifukwa munthu wodziwa zimenezi sasowanso wina womuuza nthawi yothandizira. Kwa milungu yonse yapitayi kamwana kakhala kakupuma popanda mapapo. Pansi pa chigoba pali nembanemba yodzaza ndi timitsempha ta magazi, ndipo mpweya umalowa pa tizibowo tosaoneka ndi maso ta m'chigobamo n'kufika m'magazi kudzera m'timitsempha timeneti. Kumutu kwakukulu kwa dzira kuli kachipinda ka mpweya, kamene kamakula pang'onopang'ono dzira likamataya madzi. Nthawi ikakwana, kamwana kamapindira mutu pansi pa phiko lakumanja, n'kubaya nembanemba ndi mlomo kulowa m'kachipinda kaja, ndipo kumeneko n'kumene kamayamba kupuma ndi mapapo koyamba. Apa m'pamene munthu amayamba kumva kulira ndi kugogoda m'dzira losabooka. Mpweya wa m'kachipindako ukayamba kuipa, minofu ya kumbuyo kwa khosi imakoka mwamphamvu, ndipo kadzino kakang'ono ka kunsonga kwa mlomo kamaswa chigoba n'kusiya kamng'alu kamene inu mwaona dzulo.

Anthu ambiri amaganiza kuti kamng'alu kameneka ndi khomo, ndipo kuti chatsala n'kungotuluka basi. Si choncho. Kamng'alu kaja ndi zenera lopumira chabe. Kamwana kakaboola kamagona, ndipo m'kugona kumeneko muli ntchito ziwiri zimene dzanja la munthu silingazifulumizitse. Yoyamba ndi yakuti magazi onse amene anali kuzungulira m'nembanemba abwerere m'thupi, timitsempha tifote n'kutseka. Yachiwiri ndi yakuti chikasu cha dzira chimene chatsala, chomwe ndi kamba wa masiku oyamba, chikokedwe kulowa m'mimba kudzera pamchombo, kenako mchombowo utseke. Kwa bakha, kuchokera pa kubaya kachipinda ka mpweya kufika pa kuboola chigoba pamatha pafupifupi tsiku limodzi, nthawi zina kuposerapo. Ndipo kuchokera pa kuboola kufika pa kutuluka pamatha maola 24 mpaka 48, a Muscovy n'kumachedwa kuposa pamenepa. Zonse zikatha m'kati, m'pamene kamwana kamayamba kuzungulira m'dzira kakudula chigoba mozungulira ngati munthu wotsegula chitini, ndipo gawo lomalizali silichedwa, kawirikawiri ola limodzi kapena maola ochepa. Kamwana kanu kanasendedwa ntchito yoyamba ija isanathe. Magazi a kanthu kakang'ono chotero ndi ochepa kwambiri, moti madontho amene kwa ife amaoneka ngati si kanthu, kwa iko ndi moyo wonse.

Amene anazolowera anapiye a nkhuku ndi amene amavutika kwambiri ndi kuchedwa kumeneku, popeza mwanapiye akaboola m'mawa, nthawi zambiri pofika mawa lake amakhala atauma kale nthenga. Koma mukadzapeza mpata, mudzaonerere thadzi la bakha limene likugogomola m'khola. Limakhala pamazira tsiku lonse ndi linzake osadzuka, ngakhale kukamwa madzi, likumva bwinobwino ana akulira pansi pake, ndipo silisenda dzira ndi limodzi lomwe. Kulira kwa kamwana m'dzira si kuitana thandizo nthawi zonse. Kambiri ndi umboni wakuti mapapo akugwira ntchito.

Tsono funso lenileni ndi la kusiyanitsa kamwana kogona ndi kamwana kokanika, ndipo zimenezi zimaoneka pagalasi la makina popanda kutsegula. Kamwana kamene kakadali pa ntchito ya m'kati kamapuma mofatsa, kamalira mwa apo ndi apo makamaka mukagogoda pang'ono pagalasi kapena kuimba mluzu, ndipo mlomo wake umachita ngati kakutafuna kapena kuyasamula. Kutafuna kumeneku ndi chizindikiro chodalirika chakuti chikasu chikulowabe m'mimba, ndipo kamwana kotero sikakhudzidwa ngakhale kalendala inene zotani. Nembanemba yooneka pabowo imakhala yoyera ndi yofewa. Kamwana kokanika kamaoneka mosiyana. Kamamenya malo amodzimodzi mobwerezabwereza mpaka bowo kukula, koma osasuntha kuzungulira. Kapena kanayamba kudula mozungulira, n'kuima pakati kwa maola atatu kapena anayi osapitirira. Nembanemba imasanduka yofiirira kapena yachikasu, youma ngati pepala la simenti, yomatirira pamlomo ndi panthenga. Kulira kumakhala kwamphamvu ndi kosalekeza poyamba, kenako kumayamba kuzilala. Zizindikiro zimenezi zikaoneka, kapena maola 48 akakwana chiboolereni popanda kusintha kulikonse, m'pamene timayamba kuganiza zolowererapo. Mazira anu anaboola dzulo m'mawa, ndiye kuti maola 48 akwana mawa m'mawa, osati lero.

Pakali pano thandizo lalikulu limene mungawapatse lili pa chivundikiro cha makina. Nthawi iliyonse mukatsegula, mpweya wofunda wachinyezi umathawa, wouma n'kulowa, ndipo dzira loboola limaumira m'kati mwamsanga. Nembanemba imakwinyika n'kumanga kamwana ngati kakulungidwa m'pulasitiki, moti sikangathenso kutembenuka. Ku Salima m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe, mpweya umakhala wouma kwambiri, ndipo kutsegula kangapo kokha kumakwanira kuononga mazira amene akanaswa okha. Pa nthawi yogogomola chinyezi chikhale pakati pa 65 ndi 75 peresenti, kutentha kukhale madigiri 37 mpaka 37.5 m'makina okhala ndi fani. Chimene chimakweza chinyezi si kuya kwa madzi koma kutambasuka kwake, chotero mbale yotakata kapena kansalu koyera konyowa kamathandiza kuposa kapu yodzaza. Thirani madzi ofunda, osati ozizira, ndipo ngati n'kotheka athireni kudzera pabowo la mpweya ndi kapaipi kapena jakisoni wopanda singano. Mabowo a mpweya musawatseke pofuna kusunga chinyezi, chifukwa tiana timene tayamba kupuma ndi mapapo timafuna mpweya wambiri kuposa kale lonse.

Mazira a Pekin amene sanaboole muwaunike kamodzi kokha, usiku, ndi tochi yowala, mutaika tochiyo kumutu kwakukulu. Mukaona mthunzi wa mlomo ukugwedezeka m'kachipinda ka mpweya, kapena mukamva kugogoda mutaika dzira pakhutu, kamwana kali moyo ndipo kabaya kale m'kati. Lembani ola pachigoba ndi pensulo, ndipo jambulaninso mzere wotsata malire a kachipindako, popeza mzere umenewu mudzaufuna. Pakapita maola opitirira 24 chibayireni m'kati koma chigoba osabooka, ndipo kulira kukuchepa, mukhoza kuboola kabowo kamodzi kakang'ono ngati mutu wa machesi pamwamba penipeni pa kachipinda ka mpweya, pozunguza pang'onopang'ono nsonga ya msomali wowiritsa, osakhoma. Kabowo kameneka n'kongopumira, ndipo mukatha bwezerani dzira osachitanso china. Njira yoyandamitsa mazira m'madzi pofuna kuona ngati ali moyo ine sindiilimbikitsa, ndipo pa dzira loboola kapena lokhala ndi mng'alu ndi kumiza kamwana basi. Dzira lonunkha kapena lotuluka timadzi pachigoba ndi losukusa. Lichotseni mosamala lisanaphulikire anzake.

Tiyerekeze kuti mawa lafika ndipo dzira lina laonetsa zizindikiro za kukanika. Konzani zonse musanatsegule makina: chipinda chofunda chotseka mawindo, manja osamba ndi sopo, kachitsulo kopanira ngati kozulira nsidze kowiritsidwa m'madzi, thonje loyera, Vaseline wopanda fungo kapena mafuta a kokonati, tochi, ndi kansalu kofunda konyowa pang'ono koikapo dzira. Tulutsani dziralo msanga n'kutseka makina nthawi yomweyo. Yambirani pabowo limene kamwana kanaboola, ndipo muzibenthula tizidutswa tating'ono ngati njere ya mpunga, kulowera kumutu kwakukulu, osadutsa malire a kachipinda ka mpweya, pamene timajambula mzere wa pensulo uja. Pamwamba pa mzerewo palibe timitsempha, chotero chigoba ndi nembanemba yakunja, yoyera ngati pepala, zikhoza kuchotsedwa popanda ngozi. Mukatsegula mokwanira mudzaona nembanemba yam'kati itakuta kamwana, mlomo utatulukira pakati pake. Apa ikani kachitsulo pansi. Pakani mafuta pang'ono panembanembayo ndi thonje, mopewa mphuno zimene zili pamwamba pa mlomo, ndipo mudzaona nembanemba imene inali yoyera ikusanduka yoonekera ngati pepala lodontheredwa mafuta a mandasi. Madzi ofunda amachitanso chimodzimodzi, koma amaziziritsa kamwana, amatha kulowa m'mphuno, ndipo akauma nembanemba imalimba kuposa poyamba; n'chifukwa chake ine ndimakonda mafuta.

Chimene mudzaone pamenepo ndicho chidzalamule zonse zotsatira. Ngati timitsempha tili tofiira, todzaza, tooneka ngati mizu ya udzu yoyala ponseponse, kamwana sikanakonzeke, ndipo ntchito yanu yathera pomwepo: onetsetsani kuti mphuno zili poyera, bwezerani dzira m'makina mlomo utaloza m'mwamba, ndipo mudikire maola anayi kapena kuposerapo musanayang'anenso. Ngati timitsempha tafota, tasanduka tizingwe topyapyala tofiirira topanda magazi, mukhoza kuyamba kufutukula nembanemba kuchokera pamlomo, kuikankhira m'mbali ngati mukuvula sokosi, osaidula. Musapitirire mphindi zisanu kamwana kali kunja, chifukwa kanthu konyowa kamazizira msanga ngakhale m'nyengo yotentha. Ndikukumbukira dzira lina la Muscovy limene ndinaliyamba madzulo a tsiku la 36, nembanemba yake itauma gwa kuzungulira mlomo. Ndinalitulutsa kanayi usiku wonsewo, ulendo uliwonse n'kupeza kamtsempha kamodzi kofiira katatsalira cha kumsana, ndipo kanafota dzuwa litatuluka kale. Ndikanatsata tulo tanga m'malo motsata kamtsemphako, kamwanako sikakanakhala moyo. Timitsempha ta kumtunda timafota msanga kuposa ta kumunsi kufupi ndi mchombo, choncho kuuma kwa pamwamba sikutanthauza kuti pansi papsa.

Mukalakwitsa n'kuona magazi, lekani nthawi yomweyo. Dindani pamalopo ndi thonje louma mofatsa kwa kanthawi, kapena wazanipo kaufa koyera kochepa kwambiri kuti magazi agwirane, kenako bwezerani dzira m'makina kwa maola angapo. Kadontho kamodzi sikapha, chimene chimapha ndi kupitiriza. Ndipo ngakhale nembanemba yonse yafota, musakoke kamwana kukatulutsa. Masulani mutu ndi phiko limodzi, kenako unikani ndi tochi kutsetsereka m'mbali mwa thupi mpaka kumimba. Mukaona thumba lachikasu lili kunja pakati pa miyendo, bwezerani kamwana mmene kanalili m'theka la chigoba lakumunsi, muike chigobacho choimirira m'kapu yaing'ono yoyalamo kansalu kuti kasadzikankhire kunja, ndipo mukasiye m'makina mpaka chikasucho chilowe, zimene zingatenge theka la tsiku kapena tsiku lathunthu. Thumba limeneli likaphulika, mwayi wopulumuka umakhala wochepa kwambiri. Mukaona kuti mimba yatseka, siyani theka lakumunsilo kuti kamwana kadzikankhe kokha ndi miyendo. Kukankha kumeneko kumalimbitsa miyendo ndipo kumapatsa mchombo nthawi youma. Kachingwe kakatsalira pamchombo kolumikiza ku chigoba musakakoke, kamauma n'kuduka kokha.

Pali mtundu umodzi wa dzira umene umasokoneza mawerengedwe onsewa, ndiwo dzira limene laboola kumutu kwakung'ono kapena pakati, kutali ndi kachipinda ka mpweya. Kamwana kotero kanagona mozondoka, kawirikawiri chifukwa dzira linaikidwa mutu waung'ono uli m'mwamba kapena silinatembenuzidwe mokwanira. Popeza sikanapeze kachipinda kopumiramo, kuboola kwake kwa chigoba ndiko kupuma kwake koyamba, ndiye kuti kali m'mbuyo ndi tsiku lathunthu poyerekeza ndi tinzake, ndipo pamalo pamene kaboolapo pali timitsempha tamoyo mbali zonse. Chimene mungachite ndi kuonetsetsa kuti nembanemba yang'ambika pansonga ya mlomo kuti mpweya uzilowa, kutembenuza dzira kuti bowo liloze m'mwamba, ndi kuwonjezera tsiku lina pa kudikira kwanu. Tiana tambiri totere timafunadi thandizo pamapeto pake chifukwa kumutu kwakung'ono kulibe malo otembenukira, koma thandizolo limabwera mochedwa kuposa la ena, osati mofulumira. Yang'anani mazira anu anayi aja kuti mudziwe ngati lilipo lotere.

Za kuzima kwa magetsi musade nazo nkhawa kwambiri. Mazira amapirira kuzizira kwa maola angapo kuposa mmene amapiririra kutentha kopitirira muyeso, ndipo kwanuko m'nyengo yotentha m'nyumba momwe mumakhala motentha kale, moti mazira sazizira msanga. Chimene kuzima kumachita kawirikawiri ndi kuchedwetsa kuswa ndi maola angapo kapena tsiku, chomwe ndi chifukwa china chosathamangira kusenda. Akazimanso, musatsegule makina. Afunditseni bulangete mosiya mabowo a mpweya poyera, ndipo kukakhala kozizira ikani mabotolo a madzi ofunda okulungidwa m'nsalu m'mbali mwa makina, osagunda mazira. Musawaike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula. Kutentha kukadutsa madigiri 40 kwa maola ochepa okha tiana timafa, ndipo utsi wa makala umalowa m'dzira pa tizibowo tomwe tija timene mpweya wabwino umalowera.

Kugogomola kovuta kawirikawiri kumayambira milungu ya m'mbuyo, ndipo mwa zonse chimene chimavutitsa alimi athu kwambiri ndi chinyezi. Dzira la bakha liyenera kutaya pafupifupi 13 kapena 14 peresenti ya kulemera kwake pofika tsiku losiya kutembenuza, kutanthauza kuti dzira la magalamu 80 lifike cha pa magalamu 69 kapena 70, ndipo kachipinda ka mpweya kakule kufika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a dzira. Mabuku ambiri amanena za chinyezi cha 55 peresenti m'masiku oyambirira, koma nambala imeneyi si lamulo la malo onse ndi nyengo zonse. M'dzinja, mvula ikugwa Januwale ndi Febuluwale, mpweya umakhala ndi chinyezi chokwanira kale, ndipo amene amadzazabe madzi m'makina amapeza kachipinda kakang'ono, tiana totupa tonyowa, tina titamira m'madzi a m'dzira pa nthawi yobaya m'kati, tina titamatidwa ndi zoyera za dzira zotsalira zimene zimauma ngati guluu. M'chilimwe vuto limatembenuka: dzira limauma mopitirira, kamwana kamachepa ndi kumatirira. Kasikelo ka kukhitchini ndi tochi zimanena zoona kuposa manambala a pamakina, amene pa makina otsika mtengo amaphonya kawirikawiri. Choyezera chinyezi mukhoza kuchiyesa pochitsekera usiku wonse m'kontena limodzi ndi kachivundikiro ka mchere wonyowetsedwa pang'ono. Cholondola chimaonetsa 75 peresenti. Choyezera kutentha chiyerekezeni ndi chija choyezera thupi la munthu. Mazira a Muscovy ali ndi chigoba cholimba chokutidwa ndi kamafuta, n'chifukwa chake oweta ambiri, kuyambira cha pa tsiku la 10, amawatulutsa kamodzi pa tsiku kwa mphindi 10 kapena 15 n'kuwawaza madzi ofunda asanawabwezere, kutsanzira thadzi limene limabwerera pachisa nthenga zili zonyowa. Zimenezi zimathandiza dzira kutaya madzi bwino, ndipo anuwo mukhoza kuwachitira kwa masiku ochepa amene atsala a Pekin akatha. Kunena zoona, pa mazira a abakha akumudzi palibe makina amene ndinawaona akuposa thadzi la Muscovy lenilenilo, ndipo ngati muli nalo lofuna kukhalira, ulendo wina mulipatse mazira ake, makina muwasiyire a Pekin amene sakonda kukhalira.

Kamwana kothandizidwa kamatuluka kotopa, kogona chammbali, ndipo maola oyamba kamaoneka ngati sikapulumuka, musafulumire kukaweruza. Kasiyeni m'makina kaume kwa maola 12 mpaka 24, ndipo ngati tinzake tamphamvu tikukaponda, katchingireni m'kabasiketi kakang'ono momwemo. Nthenga zikauma zomatirira, pukutani ndi kansalu ka madzi ofunda, makamaka kuzungulira maso, mphuno ndi kotulukira chimbudzi. Mchombo wosatseka bwino ndi khomo la matenda, choncho upakeni kamankhwala ka ayodini kochepa ndipo kamwanako kagone pansalu yoyera youma mpaka utauma. Chakudya sichifunika tsiku loyamba chifukwa chikasu chija chikugwirabe ntchito. Chofunika poyamba ndi madzi, ndipo kofooka mukhoza kukaviika nsonga ya mlomo m'madzi ofunda a shuga pang'ono, osakathira m'kamwa. Malo olelera akhale pafupifupi madigiri 32 sabata yoyamba, pansi pasakhale poterera ngati nyuzipepala kapena pulasitiki chifukwa miyendo imatagadza, ndipo madzi akumwa akhale okwanira kumiza mlomo mpaka mphuno koma osati thupi. Tiana ta m'makina tilibe mafuta a nthenga amene tiana ta pansi pa make timapakidwa, chotero timanyowa mpaka pakhungu ndipo tikhoza kufa ndi kuzizira kapena kumira m'beseni laling'ono. Madeya okha sakwanira. Tipatseni chakudya cha anapiye chogula pamodzi ndi masamba odula bwino, popeza abakha amafuna vitamini ya niacin yochuluka kuposa nkhuku ndipo ikachepa miyendo imapindika.

Ndiyenera kunenanso mosabisa kuti si kamwana kalikonse kamene kamapulumuka ngakhale muchite zonse molondola. Tina timakanika chifukwa ndi topunduka kale, tina chifukwa makolo ake anali osadya bwino kapena apachibale, tina chifukwa mazira anasungidwa masiku opitirira 7 mpaka 10 asanaikidwe. Kamwana kamene kanamatidwa chifukwa cha kuuma kwa makina kalibe vuto m'magazi ake ndipo kakhoza kudzakhala kholo labwino, koma kamene kanalephera popanda chifukwa chooneka ine ndimakaika chizindikiro kumwendo, n'kukalera kuti kadzakhale ka ndiwo kapena kogulitsa, osati ka mbewu.

Mazira amene adzatsale osaswa, a Pekin pofika tsiku la 31 ndi a Muscovy pofika tsiku la 38, mukatsimikiza ndi tochi ndi khutu kuti mulibe moyo, musawataye musanawaone m'kati. Muwatsegulire panja, kuyambira kumutu kwakukulu, ndipo musambe m'manja ndi sopo mukatha. Dzira loyera lopanda kanthu likukuuzani za bakha wamwamuna kapena za kasungidwe ka mazira. Kamwana kathunthu konyowa, kokhala ndi madzi ambiri ndi kachipinda kakang'ono, kakukuuzani kuti chinyezi chinachuluka. Kouma komatirira kakukuuzani kuti chinachepa kapena chivundikiro chinatsegulidwa kwambiri. Komwe mutu wake uli kumutu kwakung'ono kapena pakati pa miyendo kakunena za kaikidwe ndi katembenuzidwe. Zimenezi muzilembe m'kope pamodzi ndi mwezi ndi nyengo yake. Koma za mazira anayi aja, usiku uno onjezerani madzi ofunda, lembani papepala ola limene lililonse linaboola, ndipo mawa m'mawa muyambe mwayang'ana pagalasi ngati milomo ikutafunabe.